Matumba Awiri ndi Theka

Atsala matumba awiri ndi theka.
Ndawawerenga m'mawa, ndawawerenganso tsopano,
ngati kuti malasha amaswana
monga zinkachitira ziweto zathu ku Zavkhan
chisanafike chaka chija chipale chinauma gwa ngati chitsulo,
mbuzi n'kumapalasa mpaka ziboda kuchucha magazi
udzu osaupeza.
Zinali mazana atatu. Zinatsala zisanu ndi ziwiri.
Tinapasula hema wathu, kumukweza pa lole,
n'kudzamuimika kuno kumtunda kwa Ulaanbaatar
kumene phula amathera
ndipo madzi timakagula pa kangolo.

Byambadorj anasanduka mfuko.
Zaka zisanu ndi chimodzi ankatsika m'maenje a ku Nalaikh,
chingwe m'chiuno, tochi pamphumi,
madzulo n'kutulukira mano okha akuyera.
Ndalama yake inkanunkha fumbi koma inkagula ufa,
ndipo moto sitinkagula.

Kenako lamulo: malasha a m'dzenje ayi.
Katapila anabwera n'kukwirira maenje.

Lamulolo sindingalitukwane.
Ndilitukwane bwanji
pamene chifuwa cha Munkhzul, mwana wa zaka zinayi,
chinkalira ngati chitseko cha dzimbiri?
Ndinagona naye pansi m'khonde la chipatala
pakati pa amayi ena makumi awiri,
tonse tili chete, makutu pa nthiti za ana athu.
Utsi umene unkatidyetsa ndi umene unkamudya.
Zimenezo ndikuzidziwa. Musandiuzenso pa wailesi.

Chimene sindikudziwa n'chakuti
Lachinayi ndidzasonkha chiyani.

Malasha atsopano ndi ochita kuumba,
obulungira ngati mazira, ofanana onse,
ndipo amagulidwa pamzere.
Mwamuna amene ankawakumba ndi manja ake
lero amaima maola awiri, manja m'khwapa,
kudikira kuti amugulitse moto.

Anyamata a bungwe anabwera ndi hita ya magetsi.
Anandijambula nayo ndikumwetulira,
anati tsogolo ndi limeneli, mayi.
Mwina sananame. Tinafunda sabata zitatu,
Munkhzul anagona osavala nsapato.
Bilu itafika ndinazula waya,
hitayo ndinaikulunga m'bulangete n'kuikankhira kunsi kwa bedi:
kavalo wabwino, koma msipu wake ndilibe.

Mlamu wanga kumudzi analonjeza kuti atumiza kangachepe
akagulitsa ubweya wa mbuzi.
Dzulo waimba foni. Ogula a kumalire atsitsa mtengo,
petulo wakwera, akuti chifukwa cha nkhondo
ya kudziko limene sitinapondeko.
Ufa nawo wakwera,
chikhalirecho ufa sunapite ku nkhondo.

Usiku wathawu wina kuseri kwa mpanda wawotcha tayala.
Ndinamva fungo, ndinamufunditsa mwana kumutu,
m'mawa tinapatsana moni pogula madzi.
Sindinanene kanthu.
Nanenso tayala ndili nalo, lili pa denga la chimbudzi.

Byambadorj tsopano amalondera galimoto za eni ake
kumunsi m'tauni, kumene nyumba zimafunda zokha ndi mapaipi
mpaka anthu kutsegula mawindo poopa thukuta.
Amabwerako mbandakucha, nsidze zili mbuu ndi chisanu,
zikhadabo zoyera ngati za mphunzitsi,
ndipo akamamwa tiyi amayang'ana mbaula, osati ine.

Tsono ndimachita masamu a usiku.
Zibulungwa zisanu ndi chimodzi pogona,
zinayi ikakwana 3 koloko.
Kachipangizo kochenjeza za mpweya woipa
kakuphethira pa mzati wa hema,
koma sindikakhulupirira.
Ndimadzuka kawiri kuika chala pamphuno pa mwana.

Akupuma.
Chaka chino akupuma bwinoko, ndivomere.
Mwina adzakula n'kukhala m'nyumba ya mapaipi,
n'kumadzafunsa kuti malasha chinali chiyani.
Ine ndidzamuuza. Ndikungofuna tikafike kumeneko
ndi zala zathu zonse.

Kunja agalu asiya kuuwa, kwazizira mopitirira.
Pa zinayi zija ndachotsapo chimodzi,
ndachibweza m'thumba.